Mthiko wanga avundulira penti

Inu a ku Thyolo amene mumandivutitsa usiku ndi usana kuti "achimwene, tipezereni mpata ku Israel", khalani pansi mumve. Lachiwiri ndapeza mthiko wanga uli m'chidebe cha penti. Mthiko umene anandisemera apongozi ku Goliati, umene ndinaukulunga m'bulangete mpaka kudutsa nawo pa bwalo la ndege la Ben Gurion. Wayera mbee, wauma gwa. Mkazi wa bwana akuti ankayesa kamtengo wamba.

Chiyambi chake n'choti mphwake wa bwana wasamukira kuno kuchokera ku France ndi mkazi ndi ana atatu. Ndi Ayuda, ndiye lamulo la 1950 limawalola kubwera n'kukhala nzika. Atangotsika ndege anawapatsa ziphaso, ndalama zoyambira moyo zimene amati sal klita, ndi sukulu ya Chiheberi yaulere miyezi 5. Ine nditatsika ndege anandipatsa magolovesi ndi sizasi yodulira tsabola.

Koma nyumba inawakanika, apa ndisaname. Mumzinda wa Netanya eni nyumba akufuna macheke 12 olemberatu a chaka chonse, kuphatikiza anthu awiri okusainira ngati mboni. Munthu wafika dzana, macheke awatenga kuti? Ku merkaz klita, kumene amafikira obwera kumene, anawauza adikire. Mayiyo sakufuna nyumba yopanda mamad, chipinda cha konkire chothawiramo sairini ikalira, ndipo sindingamunene, ali ndi ana. Bamboyo akufuna kufupi ndi sunagoge poti pa Sabata sakwera galimoto. Atazungulira milungu iwiri, bwana anakumbukira kuti kuseri kwa munda kuli kanyumba. Kathu, kamene timagonamo anthu anayi.

Tinatulutsa tokha katundu wathu. Tinakolopa tokha. Khoma la chipinda changa ndinapenta ndine, penti yake yomweyo yovundulidwa ndi mthiko wanga, ine osadziwa. Pano tili m'kontena pafupi ndi shedi yopakirira, anthu 8 pamodzi ndi anyamata a ku Thailand, bafa imodzi. Masana mkatimo mumatentha ngati uvuni wa njerwa. Ndalama ya malo ogona akudulabe pa malipiro monga kale, sanachotseko ngakhale shekeli imodzi. Ukafunsa amangoti "savlanut", kutanthauza kuti upirire. Mawu amenewo ndi amene ndawaphunzira pa sukulu yanga yaulere.

Ndipo ndidandaulire ndani? Amene anatitumiza kuno foni zawo zinaleka kuyankhidwa titangonyamuka. Paja gulu loyamba lija la anthu 221 litakwera ndege mu Novembala 2023 mudzi wonse unkati apita ku dziko la uchi ndi mkaka. Uchi sindinauone, mkaka ndimagula. Ukati uchoke pa famu ukasake kwina, kumbukira anzathu 12 aja anawagwira ku bekale mu 2024 n'kuwabweza kumudzi. Chiphaso chathu n'cha kumunda basi. Inunso abale anga, uthenga wanu uliwonse umayamba ndi "muli bwanji" n'kuthera pa nambala ya Airtel Money. Koma chitsiru chachikulu ndine ndemwe. Ndi ndani anajambulitsa ku Yerusalemu atavala jekete yobwereka n'kuika pa Facebook kuti "Mulungu wayankha"? Walira mvula walira matope.

Mthiko uja ndayesa kuupala ndi mpeni, penti inalowa m'ming'alu. Dzulo ndavundula nsima ndi supuni yachitsulo, ufa wake wachikasu wa m'shopu. Mibulu yokhayokha. Mnzanga wa ku Luchenza wadya osayankhula, kenako akuti, "Alamu, iyi ndi nsima kapena mseu wa ku Thekerani?" Mkazi wa bwana wandibweretsera chipande chapulasitiki chopepesera. Chapulasitiki! Pa nsima!

Banja lija sindikulida ayi. Ndinaona bamboyo akukhomera mezuzah pa mphuthu ya chitseko, kabokosi ka mawu a m'Malemba, ana atamuzungulira. Kenako anyamata awiriwo anayamba kulimbirana bedi la pamwamba, limene ndinamanga ine m'mawa womwewo. Kamtsikana kakang'ono kanandipatsa bisiketi yoluma kale. Ndinapita kuseri kwa shedi, ndinakhala kanthawi.

Mwana wanga wamkazi anabadwa patatha miyezi inayi ndili kuno. Sindinamunyamulepo, ndipo chiphaso changa sichilola kuitanitsa banja. Nyumba yathu inagwa ndi Freddy mu Malichi 2023, mpaka lero mayi a ana akugona m'khitchini mwa apongozi, ine mkamwini ndikupentera ana a eni. Njerwa tinawotcha, malata tagula 18, atsala 14. Alamu, Loweruka mukandifunsire mtengo wake pa Luchenza, muone amene sachita dzimbiri msanga. Denga likangotha ndikubwera. Apongozi muwauze aseme mthiko wina, koma asautumize kuno. Ausunge konko.