"Germany" si mudzi, abale inu

Wina waika pa Facebook mndandanda wa makolo ake wokafika zaka za m'ma 1600, ati waupeza usiku umodzi. Kholo lake linachoka ku Germany kupita ku America m'ma 1850, ndiye iye wangotola dzina lofanana pa Ancestry, webusaiti yofufuzira mbiri ya makolo, n'kulumikiza. Anthu akumufunsa mudzi womwe khololo linabadwira, iye akuti "Germany". Zandinyansa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndi ulesi basi.

Ngati mudzi simukuudziwa, palibe chimene mwapeza. Kwathu kuno wofuna mbale wake amatchula mudzi, mfumu ndi boma, sangaime pa depoti n'kumafunsa za John Banda wa ku Malawi. Johann Müller ndiye John Banda wa kumeneko. Ndiponso m'ma 1850 Germany ngati dziko limodzi kunalibe, maiko ake ang'onoang'ono anagwirizana mu 1871. Kunali Prussia, Bavaria, Baden, Württemberg ndi ena ambirimbiri. Kaundula wa boma wa obadwa, okwatirana ndi omwalira anayamba m'dziko lonselo pa 1 Januwale 1876, dera lililonse ndi ofesi yake yotchedwa Standesamt. Zaka za m'mbuyomo, m'madera ambiri ndi mabuku a tchalitchi okha, parishi iliyonse ndi ake. Ku Berlin kulibe buku limodzi la anthu onse. Ndiye mukatsegula buku la parishi iti, mudzi osaudziwa?

Dzina la mudzilo mumalisaka kumene munthuyo anakafera. Yambani ndi mabuku a ukwati ndi a maliro m'mipingo ya Ajeremani ku America, chifukwa abusa ena ankalemba kwawo kwa munthu. Onani uthenga wa maliro m'nyuzipepala za Chijeremani za kumeneko. Mapepala a unzika oyambira Seputembala 1906 amatchula malo obadwira, koma ambiri akale amangoti munthuyo wasiya kumvera mfumu ya Prussia. Ngati anakwerera sitima padoko la Hamburg muli ndi mwayi, mndandanda wa okwera wa 1850 mpaka 1934 ulipo ndipo umatchula komwe munthu ankakhala. Wa padoko la Bremen wambiri unawonongedwa, wotsala kwenikweni ndi wa 1920 mpaka 1939. Kalembera wa America wa 1900 ali ndi chaka chomwe munthu anafikira; wa 1890 musavutike naye, anawonongeka ndi moto wa 1921.

Mudzi ukapezeka, ufufuzeni mu Meyers Gazetteer ya 1912, buku la mayina a midzi ndi mizinda ya ku Germany, poti malo otchedwa Neustadt alipo ochuluka, ndipo ena monga Breslau lero ali ku Poland, dzina n'kukhala Wrocław. Mabuku a tchalitchi a Achipulotesitanti ali pa webusaiti ya Archion, mumalipira. A Akatolika ambiri ali pa webusaiti ya Matricula, ulere. Zilembo zake ndi za Kurrent, kalembedwe kakale ka pamanja ka Ajeremani, "e" amaoneka ngati "n", muziphunzire. Ana aamuna atatu a bambo mmodzi atha kukhala onse a Johann, dzina loitanira n'kukhala lachiwirilo, Georg kapena Friedrich. Mwana akamwalira, dzina lake ankapatsanso wotsatira. Mukapanda kuona buku la maliro mudzatenga khanda lomwe linafa lili ndi miyezi itatu n'kulikweza sitima ya ku New York. Tsiku lobadwa, dzina la mayi ndi mudzi zigwirizane mbali zonse ziwiri za nyanja, apo ayi mwatola agogo a eni ake.

Ndiye pali enanso aja oti dzina lathu analisintha ndi a ku Ellis Island, malo olandirira obwera ku New York, Müller n'kukhala Miller. Bodza! Mayina ankalembedwa padoko lonyamukira, a ku New York ankangoyang'ana pa mndandanda womwewo. Ambiri ankasintha okha atakhazikika. Komanso Ellis Island inatsegulidwa mu 1892, wa m'ma 1850 anadutsapo bwanji?