Chenjezo kwa anyamata ogula laputopu ya magemu mwachimbulimbuli

Anyamata a kwa Chitakale, a ku Limbuli, ngakhalenso inu a ku Luchenza, tcherani khutu. Ine ndakalambira pa benchi yokonzera mawailesi ndi makompyuta, ndipo zimene mukuchita masiku ano zikundiwawa. Mukubwera nkhope zakugwa, laputopu kukhwapa, mawu ake amodzimodzi: "Madala, ndinagula ya magemu koma FIFA ikungokakamira."

Wabwera posachedwapa ndi mwana wa mlongo wanga. Mayi ake amathyola tiyi. Amalawira m'bandakucha chiperoni chikuwaza, dengu kumsana, ndipo anakatenga ngongole ku banki m'khonde kuti mwana akhale ndi kompyuta. Mnyamata wakwera minibasi wa ku Limbe osauza munthu. Kumeneko waona kiyibodi yowala ndi kasitika kolembedwa Core i7, wogulitsa n'kumuuza kuti "awa ndi makina bwana, gemu iliyonse imalowa." Ndalama perekeni, basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditayatsa ndinapeza Intel UHD yokhayokha.

Dziwani kuti i5 kapena i7 ndi dzina la purosesa, ubongo wa kompyuta, silikuuzani kanthu za graphics, zimene zimajambula zithunzi za gemu pa sikirini. Graphics zili mitundu iwiri. Za integrated, monga Intel UHD, Intel Iris Xe ndi AMD Radeon Graphics, zimakhala m'kati mwa purosesa momwemo ndipo zilibe memory yakeyake, zimatapa pa RAM, memory imene kompyuta yonse imagwiritsa ntchito ikayaka. Zili ngati mkamwini wopanda nkhokwe, wodya za apongozi: RAM yanu ikakhala 8GB, gemu ndi Windows zimalimbirana mbale imodzi. Za dedicated ndi chipangizo chapadera chokhala ndi nkhokwe yake yotchedwa VRAM. NVIDIA GeForce GTX 1650 ili ndi 4GB, RTX 4060 ili ndi 8GB. FIFA 23 imene mumaikondayo, eni ake analemba poyera kuti pa kompyuta imafuna kuyambira GTX 1050 Ti. Ndani wa inu anawerenga zimenezo asanatulutse ndalama?

Chikundikwiyitsa n'chakuti kuona zoona zake sikutenga ngakhale mphindi ziwiri. Musanalipire, yatsani laputopuyo pomwepo pa kauntala. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, patuluka Task Manager. Pitani pa Performance, tsikirani pansi. Graphics zija pamenepo zimalembedwa kuti GPU. Mukaona GPU 0 yokha yolembedwa Intel, imeneyo si ya magemu, wogulitsa alumbire bwanji. Ya magemu kawirikawiri imaonetsa GPU 0 ndi GPU 1, yachiwiriyo ikhale GeForce GTX, RTX kapena Radeon RX. Musapusitsidwenso ndi GeForce MX. Ndi ya dedicated inde, koma mphamvu zake n'zochepa. Wogulitsa akakana kuti muyatse, tengani ndalama zanu mudzikapita.

Nanga mukaipeza yeniyeniyo, kwanu mudzaidyetsa chiyani? Laputopu wamba tchaja yake ndi ya 45W kapena 65W. Ya magemu imafuna 120W, zina kupitirira 200W, tchaja yake yolemera ngati njerwa. Kasola kanu koyatsira mababu atatu sikangaithe. Magetsi akazima batire silichedwa kutha, ndipo gemu imayamba kutsimphina chifukwa makinawo amadzichepetsa mphamvu akakhala pa batire.

Ndiye pali khalidwe lina lonyansa ili: kuseweretsa laputopu pabedi, pamwamba pa bulangete, poti kunja kukuzizira. Mpweya woiziziritsa imakokera kuchokera kunsi kwake, inu mwaitseka pakamwa. Ina ndinaitsegula ndinapeza fani yadzaza ubweya wa bulangete ndi nyenyeswa za chigumu. Ikani pa tebulo, ana inu.

Ndisanamizire za integrated kuti n'zachabe ayi. Wofuna kulemba za kusukulu, kuonera mpira, kuphunzira pa intaneti, imeneyo ndiyo yomuyenera: siitentha kwambiri, batire limakhalitsa, mtengo wake ndi wofewa. Cholakwika n'kulipira mtengo wa ng'ombe pogula mbuzi.

Mwana wa mlongo wanga anabwerera nayo ku Limbe, anakamuuza kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Risiti analibe. Pano akulembera ntchito za kusukulu, FIFA akukaonerera kwa anzake. Mayi ake ngongole ija akubwezabe Loweruka lililonse.