Yezani khola musanagule anapiye

Ana anga a m'matauni, khalidwe mwayambali sindingalionerere. Munthu wangomva kuti mazira akwera mtengo, m'mawa mwake wagula anapiye 100, pomwe khola lake ndi kachisakasa ka malata kuseri kwa bafa, kopanda ndi zenera lomwe. Akadali aang'ono amakwanamo, inde. Nanga akakula mudzawaika kuti? Nkhuku si matumba a chimanga oti n'kusanjikiza.

Tengani chingwe muyeze. Malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amakwana nkhuku zoikira mazira 3 kapena 4 basi. Za Mikolongwe, poti ndi zathupi, musapitirize 3. Za nyama zingafike 10, koma m'madera otentha ngati Nsanje, Chikwawa ndi Salima chepetsani. Ndiye kuti khola la mamita 2 ndi mamita 3 lisalowe zoikira zoposa 24. Pamtengo wogonapo iliyonse ipeze masentimita 20 mpaka 25, ndipo chisa chimodzi chikhale cha nkhuku 4 kapena 5.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: nkhuku situluka thukuta. Kukatentha imayasama, kutambasula mapiko, n'kumapuma wefuwefu. Mukazipanikiza m'malata mu Okutobala, mudzazipeza masana zili lambalamba, inu n'kumaloza chala oyandikana nawo kuti akulodzani. Palibe wakulodzani. Zothinana zimajomphana mpaka kutulutsana matumbo, zofooka sizifika pa chakudya, mazira amasweka. Utuchi umanyowa ndi zitosi, fungo n'kumalasa m'maso. Pachinyezi pamenepo ndi pamene pamayambira matenda otsegula magazi aja, utitiri nawo n'kumanga mudzi m'ming'alu. Chitopa chikalowa m'khola lotero chimasesa zonse m'masiku ochepa. Katemera wa chitopa wa I-2 wodontheza m'diso muzipereka ndithu miyezi inayi iliyonse, koma katemera sakulitsa khola.

Ganiziraninso anzanu a pa ploti. Ntchentche za m'khola mwanu zimatera pa nsima ya ana awo.

Siyani mpata wa mphepo mbali ziwiri, mutchinge ndi waya. Kunja kukhale kabwalo kamthunzi koti zizipalasa ndi kusamba fumbi, pafupifupi mita imodzi mbali zonse pa nkhuku iliyonse. Ngati mwazipanikiza kale, gulitsaniko zina sabata ino, ndipo musanaonjezere khola kaonaneni ndi alangizi a ziweto a kwanuko.