Za Wakeman, Kaye ndi mlendo amene samutchula

Kuno ku England kuli azibambo a imvi amene akhoza kukangana mpaka kucha pa nkhani yakuti ndani ankaimba bwino kiyibodi m'gulu la nyimbo za rock la Yes. Awiri mwa iwo ndimagwira nawo ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndipo nthawi ya tiyi makutu anga sapuma. Wina ndi wa Rick Wakeman, wina wa Tony Kaye. Ine sandifunsa n'komwe. Amayesa kuti Mmalawi amangodziwa ng'oma, chikhalirecho zala zangazi zinakulira pa kiyibodi ya kwaya kumpingo kwathu.

Ndiye ndinazimvera ndekha nyimbozo, pafoni, m'basi ya m'mamawa.

Kaye analipo gululi likuyamba ku London mu 1968. Ogani yake ya Hammond ndi yokhuthala, yaukali, imagwira nyimbo pansi kuti anzake aziuluka. Mu 1971 anamuchotsa, mwa zina chifukwa anzakewo ankafuna makiyibodi amakono a nthawiyo, Moog ndi Mellotron, iye osawafuna. Wakeman analowa atazunguliridwa ndi makiyibodi mbali zonse, kenaka n'kumavala chimkanjo chonyezimira chofika kumapazi. Luso anali nalo, bodza ayi. Zala zimenezo zimathamanga moti umabwereza kumvera kuti utsimikize kuti ndi munthu mmodzi. Koma mkuluyu amanena yekha, akuseka, kuti anadya curry pasiteji ku Manchester nyimbo ili m'kati, itamutopetsa kutalika. Ine nditangoluma sangweji m'kolido, bwana wa shifiti analemba lipoti! Wakemanyo wachoka n'kubwerera m'gululi kangapo, chitseko osamutsekera.

Chimene chimandiwawa ndi Patrick Moraz. Azibambo aja dzina lake salitchula, ngati sanakhaleko. Munthuyu ndi wa ku Switzerland, anabwera mu 1974 Wakeman atanyanyala, n'kugwira chimbale cha Relayer, chovuta kuimba kuposa zambiri zimene ndamva za gululi. Kaimbidwe kake n'kolusa, kokhala ndi jazz, amapinda mawu a Moog mpaka kumveka ngati munthu akulira. Anayenda nawo maulendo, anasenza katundu wa mwini wake yense. Mu 1976, gulu lili ku Montreux, m'dziko lakwawo lomwe, anamuuza kuti azipita. Wakeman wabwerera.

Abale, ife a agency, amene kampani imatitumiza kukagwirizira ntchito pamene pasowa munthu, nkhani imeneyi sitifuna womasulira. Wakuno akatopa n'kusiya ntchito, foni imalira pakati pa usiku: bwerani msanga, tilibe munthu. Umasambitsa agogo, umawatembenuza maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda, umadziwa amene amafuna tiyi wopanda shuga ndi amene amaopa mdima. Khirisimasi uli pomwepo. Tsiku limene mwini malo wasintha maganizo, dzina lako pa rota, ndandanda ya mashifiti, alifufuta, popanda ngakhale zikomo.

Nditawauza azibambo aja kuti kwa ine katswiri ndi Moraz, wa Wakeman uja anandiyang'ana ngati ndatukwana, n'kuti, "Amene uja anali wongogwirizira." Wongogwirizira! Wa Kaye anangoseka, kenaka anayamba kunyoza Geoff Downes, winanso woimba kiyibodi mu Yes, kuti anachokera ku The Buggles, gulu la nyimbo za pawailesi.

Rota ya mwezi wamawa yatuluka dzulo. Mayi amene anasiya ntchito m'chilimwe abwerera, ndiye mausiku anga awadula pakati. Lendi sanadule, ndipo kumudzi akudikira ya feteleza.