Inu ogula nyumba zakale, kwerani kudenga musanalipire

Ana anga, makamaka inu muli ku Joni ndi ku Mangalande amene mukuthamangira nyumba za nthawi ya atsamunda ku Zomba, ku Limbe ndi ku Sunnyside ya ku Blantyre kuti muzichititsa lendi, tandimverani. Khalidwe logula nyumba poona zithunzi za pa WhatsApp lileke. Mwaona khonde lalikulu, mawindo amatabwa ndi mitengo ya jacaranda pabwalo, basi mwatumiza ndalama. Ndiye mlamu wanu wayenda kuzungulira kunja kamodzi, nkuti "apa ndi penti ndi matailosi basi". Bajeti yatha pomwepo? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ndalama ya nyumba yakale imathera pamene diso silifika. Yambani ndi denga. Mmisiri akwere pamwamba pa siling'i ndi tochi, abaye mtanda uliwonse ndi msomali. Chiswe chimadya thabwa mkati nkusiya khungu looneka lamoyo, ndipo mukadzangochotsa lata limodzi mudzapeza kuti denga lonse likufuna matabwa atsopano. Ku Zomba, kumene mvula ya m'phiri siichita masewera, vuto limeneli ndi lalikulu. Ngati denga kapena siling'i ndi ya asibesitosi, musatume anyamata aganyu kuti aiphwanye ndi hamala. Fumbi lake limayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo kuichotsa mosamala kuli ndi mtengo wakewake.

Zipupa nazo muzimvetse. Nyumba zambiri za kalelo anamanga njerwa zake ndi dothi kapena laimu, pansi popanda chotchinga chinyontho. Inu mumabwera ndi simenti yanu nkumata khoma lonse, chinyontho chimasowa potulukira, pakatha nyengo ya mvula pulasitala watumphuka, mwalipira kawiri. Mng'alu wotsika mpaka pa maziko, pamenepo itanani injiniya, osati wopaka penti. Mawaya akale amagetsi, mapaipi achitsulo odzaza dzimbiri, dzenje la zonyansa logumuka, zonsezo zilembedwe ndi mtengo wake musanasayine.

Za mapepala ndingodutsamo: funsani ku ofesi ya za malo kuti lizi, pangano lobwerekera malowo, yatsala zaka zingati, ndipo funsani ku khonsolo ngati mwini wake sanasiye ngongole ya misonkho. Nyumba zina zili pa mndandanda wa zipilala za dziko, ngati Mandala House ya ku Blantyre ya 1882, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act sililola kusintha nyumba yotereyo mwachisawawa. Fufuzani kaye ngati yanuyo ilimo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuumira kwanu pa katswiri wowerengera mtengo wa zomangamanga. Mukutaya mamiliyoni pogula nyumba, koma kumulipira iyeyu kuti alembe thumba lililonse la simenti ndi thabwa lililonse mukuti ndi kuwononga. Mwaiwala kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya simenti ndi malata nkusintha usiku umodzi? Pa K100 iliyonse imene katswiriyo walemba, sungani K25 ina pambali. Muwerengerenso miyezi imene nyumbayo idzakhale yopanda wochita lendi, pamene mlonda akufuna malipiro ndipo banki ikufuna chiwongoladzanja chake.