Musanapake asidi kumaso chifukwa cha zithunzi za pa Facebook

Ndinenepo zanga pa ma chemical peel adzaza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp masiku anowa. Ine sindidana nawo ayi. Chikundiopsa n'chakuti ambiri amene akugulitsa ndi kupaka anzawo sakudziwa n'komwe chimene chili m'kabotolomo.

Peel ndi asidi, achemwali. Amamupaka mwadala kuti khungu la pamwamba lipse, lisupuke, kenako pamere latsopano. Pali wofatsa, monga glycolic acid, lactic acid ndi salicylic acid. Womalizayu amathandizadi pa ziphuphu chifukwa amalowa m'timabowo ta khungu todzaza mafuta. Pali TCA (trichloroacetic acid), asidi wamphamvupo, amene amalowa mkati ndithu moti nkhope imatha sabata kapena kuposerapo ikusupuka. Ndiye pali phenol, amene amafika mpaka m'magazi n'kusokoneza kagundidwe ka mtima. Mu Juni 2024 mnyamata wa zaka 27 anamwalira ku São Paulo atangopakidwa phenol pamalo okonzera nkhope, ndipo mwezi womwewo bungwe la Anvisa, loyang'anira mankhwala ku Brazil, linaletsa kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito phenol pa zodzikongoletsa. Mwezi wotsatira, FDA, nthambi ya boma yoyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, inachenjeza anthu kuti asamagule ma peel amphamvu n'kumadzipaka okha kunyumba. Amene akuwakana kumenekowo ndi omwe ena akuitanitsa pa intaneti n'kumatigawira m'timabotolo topanda dzina.

Koma nkhani yaikulu kwa ife ndi mtundu wa khungu lathu. Madokotala a khungu amagwiritsa ntchito muyeso umene Thomas Fitzpatrick anakonza mu 1975, wogawa khungu m'magulu 6, ndipo ambiri a ife tili mu gulu 5 kapena 6. Khungu lakuda likapsa kapena kutupa, limadziteteza popanga melanin (chimene chimadetsa khungu) wochuluka pamalo pomwepo. N'chifukwa chake kachiphuphu kakang'ono kamasiya banga lakuda lokhala miyezi. Tsono taganizani: mukufuna kuchotsa mabanga amenewo, ndiye mukuwotcha nkhope yonse ndi asidi wopitirira muyeso. Khungu liyankha monga mwa chizolowezi chake, mabanga achuluka n'kuda kuposa poyamba. Asidi akalowa kwambiri, pena pamatsala zigamba zoyera zosabwerera, ndipo kwa amene thupi lawo limachita ma keloid, zipsera zotupa zija, ngozi yake ndi yoposa pamenepo.

Zithunzi za "asanapake" ndi "atapaka" zija musamazikhulupirire msanga. Khungu longosupuka kumene limaoneka loyera ndi losalala, inde. Funsani chithunzi cha munthu yemweyo patatha miyezi iwiri akuyenda padzuwa la mu Okutobala, chojambulidwa panja popanda fyuluta. Simuchiona pa tsamba la wogulitsa.

Chinanso chimandinyansa: ena akuitsatsa peel ngati njira yoyeretsera khungu, mpaka kupaka thupi lonse, m'zigongono ndi m'mawondo momwe. Kumeneko n'kungosintha dzina la mafuta oyeretsa omwe aja. Mtundu umene munabadwa nawo umabwerera, nthawi zambiri uli wamawangamawanga.

Ngati mwatsimikizadi mtima, pitani kwa dokotala wa khungu kapena munthu wophunzira ntchitoyi, ndipo musachite manyazi kumufunsa. Ndi asidi wanji? Wa maperesenti angati? Akhala mphindi zingati kumaso? Anapakapo anthu a khungu ngati lanu? Wodziwa ntchito amayamba iyeyo kukufunsani ngati muli oyembekezera, ngati mumatuluka zilonda za herpes pamilomo, ngati mukumwa mankhwala a ziphuphu otchedwa isotretinoin, komanso zimene mwakhala mukudzola. Apa nenani zoona, chifukwa khungu limene ladzoledwa mafuta a steroid kwa nthawi yaitali limakhala lopyapyala kale. Amayesa kaye pamalo pang'ono, amayamba ndi wofatsa, ndipo amakuuzani kuti mubwere kangapo motalikitsa masabata.

Mukapaka, mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa ndi a tsiku lililonse, ndipo khungu likamasupuka osalisenda ndi zikhadabo. Ngati ntchito yanu ndi yokhala padzuwa tsiku lonse, pamsika kapena kumunda, ndipo ndalama ya mafuta amenewa palibe, ine ndingati peel muisiye kaye.