Chenjezo kwa onyamula petulo ndi asidi: thanki sichita thukuta

Ana anga oyendetsa mathanki, ndi inu eni ake omwe, taimani kaye mundimvere. Sabata yatha ndinaona thanki ya petulo itaima pamalo opumira malole. Pakamwa pa paipi yotsitsira mafuta anali atakulungapo chisanza, n'kumanga ndi mphira wa tchubu, pansi atatcherapo chidebe. Madontho ankagwa, tho! tho! Nditamufunsa mnyamata woyendetsayo, anati, "Madala musadandaule, ikungochita thukuta, tikakonza tikafika." Chapafupi pomwepo mnzake anali atakhala pa tayala, ndudu ili kukamwa. Thupi langa lonse linachita tsembwe.

Chitsulo sichituluka thukuta. Pomwe panyowa mafuta, kawirikawiri ndiye kuti seal, kamphira kotsekera, yatha. Pa chivundikiro chilichonse cha pamwamba, pa valavu iliyonse, pa kapu yotsekera paipi, pali kamphira kozungulira, gasiketi, ndipo ndi kameneko kakulekanitsa katundu wanu ndi moto. Amati tsoka silinunkha, koma la petulo limanunkha, inu ndi amene mwazolowera fungolo mpaka kuleka kuliopa. Chimene chimayaka si madzi mukuwaonawo koma nthunzi yake. Nthunziyo ndi yolemera kuposa mpweya, siuluka m'mwamba, imakwawa pansi, kulowa m'ngalande ndi kunsi kwa magalimoto ena kufunafuna kamoto. Ngakhale kutazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, petulo amatulutsabe nthunzi yokwanira kuyaka.

Chimandipweteka kwambiri ndi khalidwe lotola mphira uliwonse bola walowa. Mphira si umodzi. Wa nitrile ndi wa Viton umapirira petulo ndi dizilo. Wa EPDM ndi wabwino ku madzi ndi nthunzi yotentha, koma ukakumana ndi mafuta umatupa, kufewa, kenaka n'kufinyikira kunja. Mankhwala ambiri aukali amafuna gasiketi ya pulasitiki yotchedwa PTFE. Chikwangwani cha olenji chili pa thanki yanu sichokongoletsa ayi, nambala yake imanena katundu ali m'katimo: 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1830 ndi asidi wa sulphuric. Makaniko asanatsegule bokosi la magasiketi ayambe wawerenga nambala imeneyo. Ndipo thanki ikasintha katundu, funsani ngati mphira uli momwemo ukugwirizana ndi watsopanoyo. Gasiketi yakale yophwanyika musaitembenuze n'kubwezeretsa, musaipake sopo, musakhwimitse mabawuti mopitirira kuti igwire. Itayeni.

Amene anakonza malamulo anaona maliro ambiri tisanabadwe enafe. Pangano la ADR, la kanyamulidwe ka katundu woopsa pa msewu, lomwe linasainidwa ku Geneva mu 1957, limafuna kuti thanki ya petulo yotsitsira pansi ikhale ndi zotsekera zitatu zotsatizana: valavu yamkati, valavu yakunja, ndi kapu. Zitatu, kuti china chikalephera zinzake zigwire. Nanga inu mukamayenda kapu ikulendewera pa tcheni, valavu yamkati mwaisiya yotsegula poti imavuta, mwatsala ndi zingati? Pangano lomwelo limati thanki iyesedwe ngati siikudontha zaka zitatu zilizonse, ndipo pa zaka zisanu ndi chimodzi iunikidwe yonse. Ku America mathanki ambiri amayesedwa chaka ndi chaka. Musadzazenso mpaka pakamwa. Petulo amafufuma akatenthedwa, pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 aliwonse kutentha kukakwera digiri imodzi, ndipo akasowa malo amakankha pa mphira pomwepo.

Tsopano za seal ina ija, ya nambala, ya pulasitiki kapena waya, yomwe amamanga pa depoti mukamaliza kudzaza. Nambala yake ifanane ndi yolembedwa pa mapepala a katundu, ndipo wolandira aione asanadule. Ndikudziwa zimene ena mumachita usiku: kudula seal, kupopa zigubu ziwiri zitatu, kenaka n'kumata bwinobwino kuti isaoneke. Kuba kokhako n'koipa, koma choopsa n'chakuti chivundikiro chotsegulidwa mumdima, mothamanga, sichitsekedwa bwino, ndipo pomwe patuluka mafuta anthu amasonkhana. Ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu November 2016, anthu oposa 70 anapsa atazungulira thanki ndi zigubu zawo. Ku Morogoro, Tanzania, mu August 2019, oposa 60 anafa thanki itagubuduzika iwo n'kuthamangira kukatunga. 

Inu eni magalimoto ndiye musabisale kumbuyo kwa dalaivala. Akakuimbirani kuti valavu ikudontha, yankho lanu lisakhale lakuti "ingofika kaye." Mnyamata amene amaopa kudulidwa malipiro akaima panjira ndi amene amamanga chisanza.

Wa thanki yodontha uja ndinamupeza ine sindinamusiye. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, uyo azimitse fodya, iwe uimbire abwana ako ine ndili pano." Anang'ung'udza, koma anaimba. Tinathira mchenga pamene panali patanyowa, tinauza a malole oyandikana kuti asalize injini, ndipo thankiyo inagona pomwepo mpaka makaniko anafika m'mawa. Gasiketi yomwe anachotsayo inali itang'ambika mbali imodzi, yolimba ngati khungwa louma.